Mohira ndi Tsamba la Apongozi Ake

Foni inayamba kulira anthu onse atagona, agalu a m'makwalala nawonso atatopa n'kuuwa. Inkalirira kutsidya kwa bwalo, m'shedi yopaliramo matabwa, m'thumba la jasi la apongozi ake aamuna lomwe linkagona pamsomali kuseri kwa chitseko. Mohira anaimva chifukwa ndi iye yekha amene anali maso m'nyumba monsemo. Anali atagwada pambali pa beshik, kabedi kogwedeza komwe mwana wake Yunus ankagonamo atamangidwa ndi nsalu pachifuwa ndi m'miyendo, ndipo anali ataweramira kuti mwanayo ayamwe osamumasula. Foniyo inalira, inalira, n'kusiya. Patapita kanthawi inayambanso.

Sikunali koyamba. M'mawa uliwonse apongozi akewo, mmisiri wa mabeshik a Usta Ergash, ankaitulutsa m'thumba, kuitalikitsa ndi maso, n'kuona manambala a ku Russia ali ndandanda. Sankabweza. Ankati munthu woleredwa bwino saimbira mnzake pakati pa usiku, ndipo amene ali ndi nkhani yeniyeni adzafika pageti, adzamwa tiyi. Khutu lawo lamanzere linaphedwa kale ndi makina ozungulitsa matabwa, ndipo ankagonera lamanja. Mwana wawo Eldor, mwamuna wa Mohira, akagona ankakhala ngati chipika.

Eldor anali atanena kale kuti mphesa za pabwalo zikangokwiriridwa pozibisa chisanu, iye anyamuka wa ku Russia kukagwira ntchito ya zomangamanga. Mnzake wina anali atamusungira malo. Mabeshik anali ataunjikana m'shedi mpaka kudenga, opakidwa utoto, osagulidwa. Anthu a mu Kokand anali atatembenukira ku timabedi ta kufakitale togulitsidwa kumsika, ndipo ntchito yomwe kale inkadyetsa amuna atatu tsopano inkavutika kudyetsa mmodzi. Chilichonse chimene Mohira ankachita masiku amenewo, kaya kusesa, kaya kukanda ufa wa buledi, ankachichita akuyang'ana masamba a mphesa zija, momwe ankafiirira.

Iye anabadwira m'mudzi wa alimi a thonje kufupi ndi Rishton. Bambo ake nawo anapita ku Russia, iye akadali wamng'ono. Zaka zoyamba ankaimba Lachisanu lililonse, kenako mwa apo ndi apo. Tsiku lina anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga, ndipo anabwera kwawo m'bokosi lachitsulo lomata, lomwe anthu analetsedwa kutsegula. Mayi ake sanaone nkhope ya amuna awo. Mohira anasiyira sukulu pakati pa sekondale n'kuyamba kusoka zovala za anthu, mpaka pamene anatengedwa kubwera ku Kokand.

Utengwa unamuphunzitsa kuona. Mtengwa amadzuka kusanache kukasesa msewu wa pageti, amawerama popereka moni, amayankhula akafunsidwa. Amathira tiyi pang'ono pokha, pansi pa kapu, kuti mlendo azibweza kapuyo mobwerezabwereza ndipo adziwe kuti akufunidwa pakhomopo. Kudzaza kapu n'kuuza munthu kuti amwe azipita. Poti pakamwa pake pankakhala potseka, Mohira ankayang'ana manja a anthu. Ankadziwa kuti apongozi ake aakazi, a Salomat, akwiya poona momwe akupindira nsalu ya pachakudya. Ankadziwa kuti Eldor wasankha kale ulendo poona momwe ankasiyira zida osazipukuta.

Tsamba la pa intaneti linabwera m'chilimwe. Analikonza ndi Iroda, mwana wa anansi awo, yemwe ankakhala ku Fergana n'kumapangira masamba otere anthu ophika buledi, osoka ndi okonza nsapato. Eldor ndi amene anamuitana, ndipo analingalira bwino. Beshik ya mwana woyamba amagula ndi makolo a mayi, ndipo ambiri mwa azibambo otere masiku ano ali ku Russia. Ndalama ili m'manja mwawo, koma kumsika sangafikeko. Akaweruka usiku amatenga foni n'kumasaka.

Tsiku limenelo Mohira ankathira tiyi, choncho anamva zonse. Iroda anabwera ndi tsamba lake atalikonza kale. Linali laling'ono: zithunzi zitatu za mabeshik, mtengo wa iliyonse pansi pake m'zilembo zikuluzikulu, mawu ochepa onena madera omwe katundu amafika ndi nthawi imene amatenga, ndi batani limodzi lalikulu loimbira foni, lokhala pomwe chala chachikulu chimafika munthu akagwira foni ndi dzanja limodzi. Anafotokoza kuti ogula ambiri adzalitsegula pa foni zakale, zagalasi losweka, pamalo a netiweki yofooka, ndipo ngati lichedwa kutseguka munthuyo amangochoka.

A Usta Ergash anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenako anakankhira foniyo kutali ngati mbale ya chakudya chosapsa. Anafunsa ngati iwo akugulitsa anyezi. Pakhomo pawo, anatero, palibe mlendo amene anauzidwapo mtengo ali pageti. Munthu amayamba wafunsidwa za moyo wake, za makolo ake, za mwana wobadwayo. Amamva kaye kuti agogo awo ndi agogo a agogo awo ankapala mabeshik mumsewu womwewo. Amagwira thabwa, amalinunkhiza. Za mtengo zimabwera pomaliza, chapansipansi, ndipo zimatengera kuti munthuyo ndi wotani, chifukwa wamasiye salipira mofanana ndi mwini sitolo.

Iroda anayesetsa. Anati moni ukhoza kukhalapo, koma wamzere umodzi. Anati mbiri ya agogo ikhale patsamba lamkati, wofuna akaiwerenge. Pa nkhani ya kanema wa iwo akupala thabwa, ndi nyimbo yoyamba yokha tsamba likatseguka, anagwira m'mutu.

"Usta, pomwe kanema wanuyu azidzatseguka, mwanayo adzakhala atayamba kuyenda."

"Iwe unagona m'beshik ya manja angawa," anayankha a Usta, "unkalira msewu wonse osagona. Lero wakula, ukundiphunzitsa kulandira alendo?"

Onse anaseka, ngakhale Iroda yemwe, koma nkhani inathera pomwepo. Tsambalo linakonzedwa monga mwini wake anafunira. Linkayamba ndi nyimbo ya chitoliro, kenako kanema, kenako moni wautali wofunsa za banja lonse, kenako mayina a amisiri asanu a m'banjamo. Mtengo panalibe. Nambala ya foni inali pansi penipeni, m'tizilembo tating'ono totuwa, chifukwa a Usta ankaona kuti kuiika pamwamba n'kudzionetsa ngati munthu wanjala.

Potuluka, Iroda anapeza Mohira akutsuka makapu pampopi. Anamuuza motsitsa mawu kuti tsamba silidziwika ubwino wake polifunsa mwini wake. Anati upatse foni munthu amene sakukudziwani, umupemphe kuti agule beshik, iwe upinde manja, osamuthandiza, uzingoyang'ana chala chake.

Mohira anasunga mawuwo miyezi iwiri. Anawagwiritsa ntchito tsiku limene anapita ndi Yunus kuchipatala kukabayitsa katemera. Pamzere anakhala pafupi ndi mayi wina wachikulire amene anaperekeza mwana wake woyembekezera. Anawapatsa foni ya Eldor imene anabwereka, n'kunama kuti iye satha kuwerenga bwino, amuthandize kuona mabeshik. Mayiwo anadikira galasi loyera litseguke. Mwadzidzidzi chitoliro chinalira mokweza m'khonde lonse, makanda awiri anadzidzimuka n'kuyamba kulira, namwino anasuzumira pakhomo. Mayiwo anachita manyazi, anaphimba foniyo ndi mpango akusakasaka pozimitsira. Kenako chala chawo chinayamba kukankha tsambalo, kukwera, kukwera, kudumpha moni wonse, kudumpha agogo onse asanu, kubwereranso. Pa nambala anadutsapo kawiri osaiona.

"Sanalembe mtengo," anatero pobweza foni. "Ndiye kuti si za anthu ngati ife."

Mohira sanauze aliyense. Akanayambira pati? Tsambalo linali nkhope ya apongozi ake. Madzulo ena iwo ankauza Eldor kuti alitsegule, n'kumamvetsera chitolirocho maso ali chitsinzinire, ndipo likafika pa mayina a makolo awo milomo yawo inkayenda limodzi ndi mayinawo.

Koma usiku uwu, foni itayamba kulira kachitatu, Yunus anali atagona ndipo masamba a mphesa anali atayamba kuyoyoka. Mohira anafunda shawelo, anatuluka opanda nsapato kuti asamveke, anawoloka bwalo. Chitseko cha shedi chinalira pang'ono. M'kati munali fungo la utoto ndi utuchi. Anapisa dzanja m'thumba la jasi la apongozi ake, chinthu chimene sanaganizepo kuti angachite pamoyo wake, ndipo anayankha.

Anali bambo wachikulire, woyankhula monong'ona. Atamva mawu a mkazi anapepesa, n'kufunsa ngati ndi kwa Usta Ergash. Mohira anati ndi konkuno, iye ndi mtengwa wawo. Bambowo anati dzina lawo ndi a Tolib, kwawo ndi ku Chust, ndipo akuimba ali ku Russia, pamasitepe a nyumba imene amagona, chifukwa m'chipinda mwawo amagonamo amuna ambiri. Mwana wawo wamkazi anali atabereka mwana wake woyamba. Masiku makumi anayi a chikuta anali pafupi kutha, ndipo beshik inkafunika ifike tsiku loikamo mwana lisanakwane.

Anafotokoza, mopanda kudandaula, kuti usiku woyamba atatsegula tsambalo chitoliro chinadzutsa chipinda chonse, ndipo wina anawaponyera jombo. Usiku wachiwiri bandulo inathera pa kanema. Nambalayo anachita kuwawerengera mnzawo wamaso akuthwa, iwo n'kuilemba pakhoma ndi msomali, poti ukaidina siimba. Masana sangaimbe, kapitawo salola. Ankangofuna kudziwa zinthu ziwiri: mtengo wake, ndiponso ngati ingafike ku Chust pa nthawi yake.

Mohira anaima mumdimamo, atazunguliridwa ndi mabeshik osagulidwa, ndipo sankadziwa yankho la funso lililonse. Palibe amene anatchulapo mtengo iye akumva.

Kumbali inayo kunamveka chifuwa, ndi mphepo ikuwomba chitseko chinachake.

"Musavutike, mwana wanga. Mawa ndiwauza akazi anga akagule za kumsika zija. Ndimangofuna mdzukulu wanga agone pa thabwa lopalidwa ndi munthu, poti ineyo sindidzakhalapo."

"Ndipatseni tsiku la mawa lokha," anatero Mohira. "Mudzaimbenso nthawi ngati ino."

A Tolib anavomera. Anati adzaimba kamodzi kokha.

Mohira sanagonenso. M'mawa anasesa msewu, anayala nsalu ya chakudya, anabweretsa buledi, mphesa ndi tiyi. Banja linakhala pansi. A Usta Ergash anatambasula dzanja, ndipo Mohira anayamba kuthira, maso ali pa jasi lija lomwe tsopano linali paphewa pawo, mtima uli pa masitepe a ku Russia. Anadzidzimuka ndi mawu a a Salomat. Kapu inali itadzaza tho, tiyi akusefukira pa zala za apongozi ake.

"Kelin, mtengwa iwe, ukuwathamangitsa bambo ako m'nyumba mwawo momwe?"

Eldor anaseka pofuna kupeputsa nkhaniyo, n'kunena kuti mwana sakumugonetsa. Mohira akanatha kupepesa, kupukuta, n'kukhala chete monga mwa masiku onse. Koma anaika ketulo pansi n'kutembenukira kwa apongozi ake aamuna.

"Dada, mundikhululukire. Koma ndi mmene tsamba lathu likuchitira ndi alendo. Likuwadzazira kapu."

Kenako anaulula zonse, maso ali pansi: za mayi wa kuchipatala, za chala chawo chodumpha mayina, za shedi, za thumba la jasi, za a Tolib ndi jombo imene anaponyeredwa. Ananena kuti anthuwo saimba usiku chifukwa cha mwano, koma chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ali nayo. Ananena kuti munthu amene waima pamasitepe kozizira sangadikire kuti afunsidwe za makolo ake.

A Salomat sanamve za tsambalo n'komwe. Chimene anamva n'chakuti mtengwa wawo anatuluka usiku, anapisa m'thumba la apongozi ake, n'kuyankhula ndi mwamuna wachilendo. Anafunsa kuti anthu a mumsewu akamva adzati chiyani, ndipo analamula kuti zisadzachitikenso. Eldor anali atasiya kuseka. Ankangonyenya buledi osamudya.

A Usta Ergash anapukuta zala zawo pang'onopang'ono, anakankhira pambali kapu yodzazayo, n'kuuza Eldor kuti awapatse foni yake. Eldor atafuna kuwatsegulira, anamuletsa. Anatsegula okha. Anadikira. Chitoliro chitayamba, Yunus analira m'chipinda, ndipo nkhalambayo inasakasaka pozimitsira osapapeza. Mohira anapinda manja pamiyendo. Anaona chala chawo chokhakhala, chokhala ndi chipsera cha tchizulo, chikukankha galasi, kudutsa moni, kuima pang'ono pa dzina la bambo awo, kupitirira, kufika pansi. Anaitalikitsa foniyo ndi maso, anaiyandikitsa. Nambala yawo yomwe sanathe kuiwerenga.

Anaika foniyo pansalu chafufumimba.

Anafunsa kuti munthu woimba usiku uja anati ndi wa kuti. Mohira anati ku Chust. Anafunsa ngati ali ndi chifuwa, poti Mohira anali atatchulapo. Anati inde. Nkhalambayo inagwedeza mutu, n'kunena, ngati ikuyankhula ndi nsalu ya chakudya, kuti bambo awo sankaimika mlendo pageti kukamagwa chipale chofewa, ankayamba amulowetsa, moni n'kubwera pambuyo. Anadzuka n'kupita kushedi.

Tsiku lonse a Salomat sanamuyankhulitse Mohira. Masana Eldor anamupeza akuyanika matewera kuseri kwa nyumba. Sanamukalipire. Anangoti beshik imodzi siingasunge mwamuna pakhomo, ndipo mnzake uja akufuna yankho chisanu chisanayambe. Mohira anati akudziwa. Anamufunsa kuti pangafunike zingati kuti akhale. Eldor anayang'ana kushedi n'kunena kuti ngati mulu uja utayamba kutsika mphesa zisanakwiriridwe, akhoza kumuuza mnzakeyo kuti adikire mpaka chilimwe. Kupitirira pamenepo sanalonjeze.

Chakudya chamadzulo chitatha, a Usta Ergash anachita chinthu chimene sanachitepo. Anatembenukira kwa Eldor, osati kwa mtengwa wawo, n'kuyamba kutchula mitengo ya mabeshik mokweza, wa yopanda zokongoletsa, wa yopaka maluwa, wa ya thabwa la mabulosi. Anatchula pang'onopang'ono, kenako anabwereza, ngakhale Eldor ankaidziwa yonse kuyambira ali mnyamata. Anawonjezera kuti galimoto ya msuweni wawo imapita ku Chust Loweruka lililonse. Anati Iroda auzidwe kuti abweze tsamba lake lija, koma moni ukhalepo ndithu, ngakhale wa mzere umodzi, ndipo alembe pansi pa mitengo kuti amene zinthu zamuthina ayankhule, adzamvana. Mayina a makolo apite kuchipinda chamkati, anatero, nawonso anali anthu osakonda kuima pageti.

A Salomat anafunsa kuti nanga usiku aziyankha ndani, poti mwini wake samva ndipo mwana wake sadzuka. A Usta anati atopa, akukagona. Anavula jasi lawo. Sanapite nalo kushedi. Analikoloweka pamsomali wa m'khonde, pafupi ndi chitseko cha chipinda cha Mohira, n'kulowa kwawo osacheuka.

Mohira anatsuka mbale, anamanga Yunus m'beshik, n'kukhala pansi pambali pake akuigwedeza ndi dzanja limodzi. Ankadziwa kuti a Salomat sanabweze mawu awo, ndipo m'mawa adzaona ndi momwe adzapindire nsalu. Ankadziwanso kuti tsambalo likakonzedwa mwina anthu adzaimba, mwina ayi, ndipo masamba a mphesa sadzadikira. Mantha ake anali pomwepo, sanachepe.

Anabwereza mitengo ija chamumtima mpaka inakhazikika. Anatsimikiza kuti a Tolib akaimba, ayankha isanalire kachiwiri, awauza mtengo ndi za galimoto ya Loweruka asanafunse, ndipo moni awapatsa pomaliza. Kukacha, akamaliza kusesa, anyamula Yunus n'kukwera basi ya ku Fergana, akakhale pambali pa Iroda pamene akuchotsa chitoliro ndi kanema, aphunzire kusintha yekha chithunzi ndi mtengo, ndipo akamupemphe alembe pansi pa batani lija kuti usiku timayankha. Aliyense amene adzaimbe, azidzamufunsa kuti chala chake chinakakamira pati.

Anadzuka, anatsegula chitseko pang'ono, anapisa m'thumba la jasi, n'kuika foniyo pansi pa beshik, pomwe dzanja lake limafika.